Zipolopolo zikupitirira pamwamba ndikawombera kumtsetse, nayo mphepo ikundibalalitsa

Funso: "Ndine membala wa kalabu ya masewera owombera chandamale. Mfuti yanga ndi ya .308 Winchester ndipo pabwalo lathu, lomwe ndi lafulati, ndimamenya bwino mpaka mamita 300. Posachedwapa tinali ndi mpikisano kumapiri. Chandamale china chinali chitsulo pa mamita 500, kumunsi m'chigwa. Ndinakonza sikopu, galasi lolozetsera la pamfuti, potsatira manambala anga oikwezera pa mamita 500 koma zipolopolo zinkapitirira pamwamba, zina n'kumagwera kumanja. Mnzanga akuti kumtsetse ndizilozetsa m'munsi, kuchitunda ndizilozetsa m'mwamba. Wina akuti sikopu yanga yafa. Kodi ndigule ina? Nanga mphepo ndiziiwerengera bwanji poti pomwe ndagona imawomba mwina, kuchandamale mwinanso?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndalama yanuyo ibakhalani nayo, musathamangire kugula sikopu. Zomwe mwafotokozazi ndi zomwe mfuti yabwinobwino imachita ikapatsidwa manambala a pafulati pomwe ikuwombera kumtsetse. Kuti mtima ukhale m'malo, pitani pabwalo lanu tsiku lopanda mphepo, muwombere zipolopolo zisanu pa mamita 100. Zikaunjikana pomwe zimaunjikana masiku onse, sikopu ilibe mlandu.

Tiyambe ndi kupendekeka, chifukwa nkhani imeneyi ndi ya masamu ndipo mukaimvetsa lero simudzavutika nayonso. Mnzanu uja wakhoza theka. Kumtsetse chipolopolo chimamenyadi pamwamba, koma nakonso kuchitunda chimamenya pamwamba. Ambiri amakana akamva koyamba, poganiza kuti chipolopolo chokwera phiri chimatopa ndipo chiyenera kugwera m'munsi. Zimachitika ndi izi. Mphamvu yokokera zinthu pansi imakoka chipolopolo molunjika pansi nthawi zonse. Pafulati, kukoka konseko kumachichotsa pamzere womwe diso lanu likuyang'ana. Mpope ukaloza kumwamba kapena kumunsi, gawo lina la kukokako limagwera m'njira yomwe chipolopolo chikuyenda, n'kumachichedwetsa kapena kuchifulumizitsa pang'ono kwambiri, ndipo gawo lotsalalo ndi lokhalo lomwe limachigwetsa kuchoka pamzere uja. Inu munakweza sikopu mokwanira kugwa konse kwa mamita 500, pomwe chipolopolo chinagwa mocheperapo. Chotsalacho ndi chomwe munkachiona chikufumbula dothi pamwamba pa chitsulo.

Gawo lomwe limagwetsa chipolopolo timalipeza ndi cosine ya madigiri a kupendekekako, nambala ya m'masamu yomwe imayambira pa 1 pafulati n'kumachepa kupendekeka kukamakula. Manambala ofunika kuwasunga m'mutu ndi ochepa. Pa madigiri 10 ndi 0.98, kutanthauza kuti palibe chodetsa nkhawa pokhapokha mtunda ukhale wautali zedi. Pa madigiri 20 ndi 0.94, pa madigiri 30 ndi 0.87, ndipo pa madigiri 45 ndi 0.71. Onani mmene nambalayi ikutsikira mwaulesi poyamba kenako n'kugwa mofulumira. N'chifukwa chake munthu amatha zaka akuwombera pa timitunda tating'ono osaona vuto, tsiku lomwe wakumana ndi phompho lenileni n'kudabwa.

Njira yakale yomwe alenje ambiri amaidziwa ndi yochulukitsa mtunda ndi cosine, n'kukonza sikopu ngati chandamale chili pamtunda watsopanowo. Tiyerekeze kuti chitsulo chanu chinali pa madigiri 30. Mamita 500 kuchulukitsa ndi 0.866, yomwe tinaifupikitsa kukhala 0.87, ndi mamita 433, ndiye mumatenga manambala a mamita 433. Pa mtunda wosapitirira mamita 300 njira imeneyi imakwanira. Mtunda ukatalika imayamba kunama, ndipo chifukwa chake n'chofunika kwambiri kuchimvetsa: chipolopolo sichidutsa mpweya wa mamita 433, chimadutsabe mpweya wa mamita 500 onse, chimachedwa nawo, ndipo chimakhala m'malere nthawi ya mamita 500. Njira yachiwiri, yomwe ndimaikonda pamtunda ngati wanuwu, ndi yotenga nambala yomwe mukanakweza pa mamita 500 pafulati n'kuichulukitsa ndi cosine.

Tione manambala. Chipolopolo cha .308 cholemera ma grain 175 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo), chotuluka mumpope pa liwiro la pafupifupi mamita 800 pa sekondi, mfuti yokonzedwa kumenya pakati pa mamita 100, chimafuna kukwezedwa pafupifupi ma mil 4.1 pa mamita 500 (mil ndi muyeso wokwezera kapena kusunthira sikopu). Njira yakale ikupatsani pafupifupi 3.1. Njira yachiwiri ikupatsani pafupifupi 3.5. Pulogalamu yowerengera kuuluka kwa chipolopolo, ya pafoni kapena ya mu Kestrel, kachipangizo ka m'manja koyezera mphepo ndi nyengo, ikupatsani pafupifupi 3.4. Popeza mil imodzi ndi masentimita 10 pa mamita 100, ndiye kuti ndi masentimita 50 pa mamita 500, munthu amene wasiya 4.1 osasintha amapitirira pamwamba ndi masentimita 35 kapena kuyandikira pamenepo. Chitsulo cha mpikisano sichikhululuka masentimita 35. Manambalawa ndi chitsanzo chabe. Anu adzasiyana pang'ono malinga ndi chipolopolo chomwe mumagwiritsa ntchito, utali wa mpope komanso mpweya wa tsikulo. Ngati sikopu yanu imayendera muyeso wina wotchedwa MOA, kumbukirani kuti mil imodzi ndi pafupifupi ma MOA 3.4.

Madigiriwo muziyeza, osaganizira ndi maso. Diso limakokomeza mtsetse, moti malo a madigiri 15 munthu amalumbira kuti ndi 30. Zipangizo zambiri zoyezera mtunda za masiku ano zimayezanso kupendekeka, ndipo apa pali msampha womwe ndawaona ambiri akukodwamo. Chipangizocho chimatha kukhala kuti chakonzedwa kusonyeza mtunda wochotseredwa kale, uja wa 433. Munthu amatenga nambala imeneyo, kuiika mupulogalamu, n'kuwonjezeranso madigiri 30. Wachotsera kawiri, chipolopolo chimagwera m'munsi, iye n'kuyamba kukayikira pulogalamu. Pulogalamu muziipatsa mtunda weniweni wochokera padiso kufika pachandamale pamodzi ndi madigiri, zotsalazo ichite yokha.

Tisanafike pamphepo, pali chinthu china chomwe ndikuchikayikira pa zipolopolo zanu zogwera kumanja zija. Pamalo otsetsereka mfuti imakonda kupendamira mbali imodzi inu osadziwa, chifukwa timiyendo take taima pansi posalingana ndipo kutsogolo kulibe mzere wowongoka woti diso liyerekezere. Mfuti ikapendamira kumanja, kukweza konse komwe mwaika musikopu kumakankhiranso chipolopolo kumanja. Pa mamita 500, kupendama kwa madigiri 5 okha kumatha kuchisuntha masentimita oposa 20. Munthu amanamizira mphepo pomwe vuto lili m'manja mwake. Ka levulo komangirira pasikopu, kosonyeza ngati mfuti yapendama, ndi kotchipa, ndipo pa zinthu zonse zomwe mungagule kaamba ka vuto lanuli, kameneka ndiye ndingakulimbikitseni. Muzikayang'ana nthawi iliyonse musanakhethemule.

Tsopano mphepo. Iyi ilibe nambala imodzi yoti muisunge, ndipo ngakhale akatswiri a mipikisano ya mayadi 1,000, monga ya ku Bisley ku England, amaluza kapena kupambana chifukwa cha iyo. Komabe momwe imagwirira ntchito pachipolopolo n'zodziwika bwino. Katswiri wa mizinga wa ku France, Isidore Didion, analongosola lamulo lake m'zaka za m'ma 1800, ndipo likugwirabe ntchito. Chofunika si nthawi yonse yomwe chipolopolo chili m'malere, koma nthawi yomwe chachedwa chifukwa cha mpweya. Chipolopolo chathu chija, kukanakhala kuti kulibe mpweya, chikanafika pa mamita 600 m'masekondi 0.75. Mumpweya chimatenga pafupifupi masekondi 0.96. Kusiyana kwake ndi 0.21. Muchulukitse ndi liwiro la mphepo yodutsa chopingasa, tinene mamita 4.5 pa sekondi, omwe ndi makilomita 16 pa ola, mupeza kuti chapatuka pafupifupi mita imodzi.

Lamuloli likutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, chipolopolo chomwe chimaboola mpweya mosavuta, chachitali ndi chosongoka, chimapatuka pang'ono ngakhale chitatuluka mumpope mochedwerapo. N'chifukwa chake mfuti ya 6.5 Creedmoor, yomwe zipolopolo zake ndi zoterezi, imapirira mphepo kuposa .308 yanu. Chachiwiri, kupatukako sikukula molingana ndi mtunda. Mphepo yomweyo ya makilomita 16 pa ola imasuntha chipolopolo pafupifupi masentimita 20 pa mamita 300, pafupifupi mita imodzi pa mamita 600, ndi mamita oposa awiri pa mamita 900. Pabwalo lanu la mamita 300 mphepo inkakulekererani. Pa mamita 500 ndi pomwe imayamba kulipiritsa.

Ndipo gwiritsitsani ichi, chifukwa ndi pomwe nkhani ziwirizi zimakumana: powerengera mphepo simuchotsera kupendekeka. Chitsulo chili pa mamita 500, mphepo yake ndi ya mamita 500, ngakhale kukweza kwa sikopu mwakuchepetsa. Amene amatenga 433 n'kuwerengerapo zonse amapereka mphepo yoperewera nthawi zonse.

Komwe mphepo ikuchokera timakuyerekeza ndi wotchi, inu muli pakati, chandamale chili pa 12 koloko. Yochokera pa 3 kapena pa 9 koloko imakankha ndi mphamvu zake zonse. Yochokera pa 2, 4, 8 kapena 10 koloko imakankha ndi pafupifupi 0.87 ya mphamvu zake, ndiye musaichepse. Yochokera pa 1, 5, 7 kapena 11 koloko ndi theka. Yapakatikati, ya madigiri 45, ambiri amaitcha theka koma ndi 0.71. Yochokera kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni siisuntha chipolopolo cham'mbali, koma ndi imene ndimaiopa kwambiri. Ikamavinavina pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko, chipolopolo china chipita kumanzere, chotsatira kumanja, liwiro la mphepo lisanasinthe n'komwe. Mphepo yamphamvu koma yokhazikika ya pa 9 koloko ndi yosavuta kuposa kamphepo kotereka.

Kuti musamatulutse foni pa kuwombera kulikonse, pezani nambala ya mphepo ya mfuti yanu. Ili ndi liwiro la mphepo yopingasa lomwe limasuntha chipolopolo chanu 0.1 mil pa mamita 100 aliwonse. Kwa .308 ya chitsanzo chathu ndi pafupifupi makilomita 6 pa ola. Mphepo ikakhala 6, pa mamita 300 mugwira 0.3, pa mamita 500 mugwira 0.5. Ikakhala 12, muwirikiza kawiri, 1.0 pa mamita 500. Ikakhala 12 koma yochokera pa 1 koloko, mubwerera pa 0.5. Kupyola mamita 700 muziwonjezerako pang'ono chifukwa chipolopolo chimakhala chatopa. Nambala yeniyeni ya mfuti yanu mudzaipeza posinthasintha liwiro la mphepo mupulogalamu mpaka pa mamita 500 ionetse 0.5, kenako mukaitsimikize pabwalo.

Langizo langa ndi loti kukweza muzipotokola pasikopu, koma mphepo muziigwira ndi timizere ta mumtanda wa sikopu. Mtunda susintha mukagona pamalo amodzi, mphepo imasintha. Amene amapotokola mphepo amakhala akuthamangitsa yomwe yadutsa kale, ndipo tsiku lina amaiwala kubwezera pa ziro.

Liwiro la mphepo pomwe mwagona mutha kuliyeza ndi kachipangizo. Kwina konse muyenera kuwerenga zizindikiro. Mphepo yongomveka kumaso ndi ya makilomita 5 mpaka 8 pa ola. Masamba akamagwedera osalekeza ndi 8 mpaka 13. Ikayamba kunyamula fumbi ndi timapepala ndi 13 mpaka 19, ndipo timitengo tikamawerama ndi 19 mpaka 24. Chizindikiro chodalirika kuposa zonsezi ndi mafunde a mpweya wotentha aja amaoneka pamwamba pa nthaka dzuwa likawala, omwe owombera amawatcha mirage. Yang'anani ndi sikopu yoonera patali, muibwezeko pang'ono kuti ione bwino malo a pakati osati chandamale. Mafundewo akamakwera molunjika ngati madzi akubwata mumphika, palibe mphepo yopingasa. Akamakwera chopendekera, mphepo ndi yofatsa ndipo akukuuzani komwe ikulowera. Akagona n'kumathamanga chopingasa, yafika cha m'ma 13 kupita m'mwamba, ndipo ikapyola 20 mafundewo sathandizanso kusiyanitsa liwiro. Ubwino wake ndi woti mafundewo ndi mpweya weniweniwo, alibe kulemera ngati mbendera kapena nthambi, ndiye mphepo ikatembenuka amakuuzani nthawi yomweyo.

Mwafunsa kuti mukhulupirire iti pakati pa mphepo ya pomwe mwagona ndi ya kuchandamale. Owombera amakangana pankhaniyi mpaka lero. Masamu amati, mphepo ziwirizo zikakhala zofanana liwiro, yapafupi ndi mpope imaposa, chifukwa chipolopolo chikapatutsidwa koyambirira chimapitiriza njira yopatukayo ulendo wonse ngakhale mphepoyo itatha. Ya pachandamale penipeni imachipeza chitatsala pang'ono kufika. Koma mphepo sizikhala zofanana. Pafupi ndi nthaka udzu ndi miyala zimaichepetsa, m'mwamba imathamanga momasuka. Ngakhale pafulati, chipolopolo cha .308 cholowera pa mamita 900 chimakwera pafupifupi mamita atatu pamwamba pa mzere wa diso. Kuwombera modutsa chigwa ndiye nkhani ina, chifukwa pakati pa ulendo chipolopolo chimatha kukhala mamita makumi angapo pamwamba pa mitengo, m'mphepo yomwe chigwacho chaipanikiza ndi kuiwongolera. Inu mwabisala kuseri kwa thanthwe, kachipangizo kakuti 5, pomwe pakatipo pakuwomba 15. Ine ndimayambira pa nambala ya pomwe ndili chifukwa ndi yokhayo yoyezedwa, kenako ndimayang'ana nsonga za mitengo italiitali ndi mafunde a pakati pa ulendo, n'kuwonjezera kapena kuchotsera. Kumapiri nthawi zambiri kumakhala kuwonjezera.

Mapiri ali ndi khalidwe linanso. Masana dzuwa likatenthetsa nthaka mpweya umakwera motsatira phiri, madzulo ukazizira umatsika. Mphepo yowomba molunjika paphiri imakakamizika kukwera. Mpweya wokwera umanyamula chipolopolo monga momwe wopingasa umachikankhira cham'mbali, ndiye mwina unawonjezera pa kupitirira kwanu kuja. Komanso pamwamba pa phiri mpweya ndi wopepuka, chipolopolo chimagwa pang'ono ndi kupatuka pang'ono kusiyana ndi kuchidikha. Manambala a pabwalo lanu si a malo aliwonse, muziuza pulogalamu mpweya wa pomwe muli.

Pali tina tating'ono tomwe anthu amakonda kukambirana kwambiri kuposa kufunika kwake. Mpope wozungulitsa chipolopolo chakumanja umachipititsa kumanja pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa mamita 500, pafupifupi 20 kapena kuposerako pa mamita 900. Mumpope womwewo, mphepo yochokera kumanja imachikweza pang'ono, yochokera kumanzere imachitsitsa. Kuzungulira kwa dziko nako kumachisuntha masentimita ochepa pamtunda wautali zedi. Pulogalamu yabwino imawerengera zonsezi. Pa mamita 500, kulakwitsa mphepo ndi makilomita 3 pa ola kumaposa tonseti.

Kuphunzira kwake kuli motere. Musanawombere, imani kaye mphindi zingapo mukuyang'ana mphepo. Mupeze liwiro lake lotsika ndi lokwera, muwerengere zonse ziwiri. Ngati ikuyenda pakati pa 6 ndi 12, pa mamita 500 ndi pakati pa 0.5 ndi 1.0, kusiyana kwa masentimita 25. Chitsulo chikakhala chachikulu kuposa pamenepo, gwirani pakati. Chikakhala chaching'ono, sankhani mkhalidwe umodzi womwe ukubwera kawirikawiri, muziwombera ukabwera, ukachoka muzidikira. Chofunika kwambiri, nenani kapena lembani nambala yanu musanakhethemule, kenako mulembe pomwe chipolopolo chagwera. Munthu amene amangowombera n'kumasuntha motsatira fumbi amamenya chitsulo pa chipolopolo chachitatu koma sakuphunzira kuwerenga mphepo. Mukaphonya ndipo mwaona pomwe chagwera, yezani ndi timizere ta musikopu, mukonze kusiyana konseko, muwomberenso msanga mphepo isanasinthe. Ngati kalabu yanu ili ndi mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono ya .22 LR, igwiritseni ntchito masiku amphepo. Pa mamita 100 imapatuka, tikayeza ndi mil, pafupifupi ngati .308 pa mamita 500, ndipo zipolopolo zake n'zotsika mtengo.

Kumapiri samalani zinthu ziwiri. Powombera chokweza, nkhope imayandikira sikopu, ndipo mfuti ikabwerera m'mbuyo imang'amba pachikope. Konzani kagonedwe kanu mpaka diso likhale patali monga mwa masiku onse. Chachikulu ndi chomwe chili kuseri kwa chandamale. Chipolopolo cha .308 chopitirira pamwamba pa phiri chimatha kuuluka makilomita oposa atatu, ndipo mwadzionera nokha kuti kupendekeka kumachikweza. Chandamale chomwe kumbuyo kwake kukuoneka thambo sichiwomberedwa. Kumtsetse, miyala ndi madzi zimanjanjitsa chipolopolo n'kuchitumiza komwe simukuona. Ngati mumapitanso kosaka ndi chilolezo, mtunda womwe mumamenya chitsulo mwa apo ndi apo si mtunda wowomberera nyama. Kusiyana kwa mphepo yotsika ndi yokwera kukaposa kukula kwa malo a mtima ndi mapapo, sendererani pafupi kapena ilekeni ipite.

Mukayesa pa mamita 100 paja n'kupeza kuti zipolopolo zamwazikana kopanda mphepo, kapena malo omwe zimaunjikana akusuntha tsiku ndi tsiku, pitani nayo mfutiyo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka aone zomangira sikopu, zomangira mpope kuthupi la mfuti ndi kukamwa kwa mpope. Ayesenso ngati sikopu ikuyenda mlingo womwe yalembedwa, chifukwa ina mukapotokola ma mil 4 imayenda 3.8 kapena 4.2. Zonsezi zikakhala bwino koma kumapiri mukuphonyabe, pemphani mphunzitsi wa kalabu yanu kapena wowombera wozolowera mipikisano ya patali agone pambali panu ndi sikopu yoonera patali. Iye amatha kuona njira ya chipolopolo mumpweya ndi kukuuzani ngati chinapatuka pakati pa chigwa kapena chinachoka kale mumpope chopatuka. Popita kwa iye tengani kabuku kanu kolembamo mtunda, madigiri, mphepo yomwe munaganiza ndi pomwe chipolopolo chilichonse chinagwera.